Dokotala amene ankadziyetsemulitsa dala kuti apeze gwero la chimfine cha udzu

Mwina pakhomo panu pali mwana amene chaka chilichonse, dzinja likafika pakati, tsekera ndi mapira zikatulutsa ngala, amayamba kuyetsemula motsatizana, kasanu ngakhale kakhumi osapuma. Mamina ake amakhala amadzimadzi, maso amafiira ndi kuyabwa, amangokhalira kutikita mphuno ndi chikhatho, koma mukamugwira pamphumi thupi silitentha. Mwayesa mankhwala a chimfine, mwina mwagulanso makapisozi pagolosale, koma palibe chosintha. Udzu ukauma mwanayo amachira yekha, inu n'kuiwala mpaka nyengo yomweyo chaka chinacho.

Munthu amene adasonyeza ndi umboni wowerengeka kuti matendawa amayamba ndi mungu wa udzu anali dokotala wa mumzinda wa Manchester ku England, dzina lake Charles Harrison Blackley. Adamwalira m'chaka cha 1900, ndipo kwawo ndi kutali zedi ndi chigwa cha Shire. Komabe mbiri yake ingakuthandizeni inu makolo ndi mavolontiya a zaumoyo a kwa Katunga ndi midzi yoyandikana nako, chifukwa zambiri zimene adapeza adazipeza ndi zinthu zapafupi: timagalasi, kope lolembamo masiku, makaiti onga amene ana amaulutsa, maikulosikopu, ndi thupi lake lomwe. Iye mwini ankadwala matendawa chaka ndi chaka.

Blackley adabadwa pa 5 Epulo 1820 m'tauni ya Bolton. Bambo ake adamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo adakulira ku Manchester. Udokotala adauyamba mochedwa. Ali mnyamata adaphunzira ntchito yosindikiza ndi kuzokota zithunzi pazitsulo ku kampani ya Bradshaw and Blacklock, yomwe idatchuka ndi timabuku tosonyeza nthawi yonyamuka ndi kufika kwa sitima zapamtunda. Madzulo akaweruka ankakaphunzira za zomera, za kusakaniza mankhwala ndi kagwiritsidwe ntchito ka maikulosikopu. Munthu wokulira pamalo pomwe ntchito yake ndi kundandalika manambala ndi masiku popanda kuphonya amazolowera kusunga chiwerengero, ndipo khalidwe limeneli likuoneka m'zonse zimene adachita pambuyo pake. Adasiya zosindikiza mu 1855 ali ndi zaka 35, n'kulowa sukulu ya udokotala mumzindamo. Adamaliza mu 1858 ndipo adayamba kuona odwala m'dera la Hulme, nthawi imene Manchester unali mzinda wa mafakitale oluka nsalu za thonje, wodzaza utsi wa malasha.

Matendawo anali atadziwika kale, koma gwero lake ndi lomwe linkazunguza akatswiri. Mu 1819 dokotala wina ku London, John Bostock, adafotokozera madokotala anzake za vuto la maso ndi chifuwa limene linkamugwira iye mwini chaka chilichonse cha m'mwezi wa Juni. Mu 1828 adalembanso za anthu 28 a vuto lomwelo. Bostock ankakhulupirira kuti choyambitsa chinali kutentha kwa nyengoyo. Anthu wamba adawatcha matendawa hay fever, popeza ankabwera nthawi yomweta udzu wosungira ziweto, ngakhale kuti odwala ake thupi silitentha ngati malungo. Ena ankati ndi fungo la udzu womwetedwa, ena fumbi, ena kuwala kwa dzuwa, enanso mpweya wotchedwa ozone. Katswiri wa sayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, amenenso ankadwala, ankati ndi tizilombo ta m'mphuno, ndipo ankatsuka mphuno zake ndi madzi a kwinini, mankhwala akale a malungo aja. Dokotala John Elliotson adaloza chala maluwa a udzu mu 1831, koma zinali zongoganizira chabe.

Chimene chidamudzutsa Blackley chidachitika m'nyumba mwake mu 1859, chaka chomwecho chimene David Livingstone ndi John Kirk, dokotala wodziwa za zomera, ankakwera mtsinje wa Shire pa sitima ya Ma Robert mpaka kwa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa la lero. M'nyumbamo munali udzu wamaluwa umene ana adathyola n'kuuika m'botolo kuti ukongoletse. Blackley ataugwedeza, kaufa kadauluka pafupi ndi nkhope yake, ndipo posakhalitsa adayamba kuyetsemula koopsa. Ambirife tikadangoti ndi fumbi, n'kupukuta mphuno, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye adafuna kudziwa ngati zingachitikenso atabwereza dala, ndipo padapita zaka 14 akuyesa asadatulutse buku lake.

Kaufa kameneka mukukadziwa bwino. Mukalowa m'munda wa chimanga chimene chamasula ngayaye, m'mawa mame atauma, mapewa ndi tsitsi zimachita chikasu. Umenewo ndiwo mungu, mbewu yachimuna ya chomera, yomwe iyenera kugwera pa ndevu za chimanga kuti chibereke. Zomera za maluwa owala ndi onunkhira zimadalira njuchi ndi agulugufe kunyamula mungu wake, choncho umakhala womata, wolemera, wosauluka patali. Udzu sukopa njuchi. Umangotaya mungu wochuluka mumphepo kuti wina ukagwere pomwe ukufunika, ndipo wotsalawo ndi umene timapuma. Chimanga, mapira, mchewere, nsenjere, bango ndi tsekera zonse ndi za banja limodzi la udzu. Njere za mungu wa chimanga ndi zazikulupo, zambiri zimagwera m'munda momwemo kapena pafupi, pomwe za udzu wa m'tchire ndi zazing'ono ndipo mphepo imazitengera kutali.

Kudziyesa yekha

Blackley adayamba ndi kuchotsa zoganiziridwa zija chimodzichimodzi. Adanunkhiza mankhwala amene amapatsa udzu womwetedwa fungo lake. Adapuma mpweya wa ozone. Adayesa mafungo a zomera zosiyanasiyana, adayang'anira za kutentha ndi kuwala kwa dzuwa. Palibe chimene chidabweretsa zizindikiro zenizeni za matenda ake. Kenako adatenga mungu wa zomera zamitundumitundu, wauwisi ndi wouma womwe, n'kumauika m'mphuno, palilime, pamilomo ndi m'diso. Mungu wa udzu unkamuyetsemulitsa ndi kutseka mphuno, ndipo diso linkafiira ndi kutupa kwa maola ambiri. Zimenezi zinkachitika ngakhale m'nyengo yozizira, akagwiritsa ntchito mungu umene adausunga, zomwe zidagwetsa ganizo la Bostock loti vuto ndi kutentha.

Adayesanso pakhungu. Adakanda pang'ono pamkono n'kupakapo mungu wa udzu wotchedwa ryegrass, ndipo pasadapite nthawi padayamba kuyabwa, kenako padatupa chotupa chachikulu. Pamalo ena adakanda chimodzimodzi koma osapakapo mungu, ndipo sipadatupe. Kuyerekeza kumeneku ndiko kudapatsa mphamvu umboni wake, chifukwa popanda malo achiwiriwo wina akadanena kuti chatupitsa khungu ndi kukandako. Njira yoyezera ziwengo pobaya pang'ono pakhungu, imene zipatala zikuluzikulu zimagwiritsa ntchito lero, gwero lake ndi limeneli. Koma musayese zimenezi pa mwana kunyumba. Kwa munthu wa mphumu, kuika dala chinthu chomuwenga m'mphuno kapena pabala kungayambitse kubanika koopsa.

Nkhani ya fumbi ikukukhudzani kwambiri inu okhala m'mbali mwa misewu yadothi. Tsiku lina Blackley ali pamsewu wakumudzi, ngolo yokokedwa ndi akavalo idadutsa n'kudzutsa fumbi, iye n'kuyamba kuyetsemula. Apa zinkaoneka ngati onena za fumbi aja apambana. Koma atatapa fumbi la pamsewupo n'kuliika pa maikulosikopu, adapezamo njere za mungu wa udzu. Fumbi linali chonyamulira chabe. Izi sizikutanthauza kuti fumbi palokha ndi labwino: limakanda mphuno ndi chifuwa cha aliyense, monganso utsi wa nkhuni m'khitchini, wa moto wa m'tchire, kapena wa nzimbe zikamatenthedwa nthawi yodula ku Kasinthula ndi ku Nchalo. Kusiyana kwake n'kwakuti utsi ndi fumbi zimavutitsa onse, pomwe mungu umasankha anthu amene thupi lawo limawengedwa nawo. Mwana amene ali ndi ziwengo akakumananso ndi utsi, zimamuvuta kawiri.

Ntchito yake yaikulu idali kuwerenga mungu wa mumpweya. Ankatenga kagalasi, n'kupaka pamalo a sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi msakanizo womata wa gilisalini, yemwe uja amayi amathira m'mafuta odzola. Kagalasiko ankakaika panja, pamsinkhu umene munthu amapumira, n'kukasiya maola 24. Mawa lake ankakachotsa, kuikapo kena, n'kuwerenga pa maikulosikopu njere iliyonse imene yamatirira. M'chaka cha 1866 adachita zimenezi tsiku lililonse pakati pa madambo a udzu kunja kwa Manchester, kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Poyamba njere zinali zowerengeka, kenako zidakwera mpaka kufika 880 pa 28 Juni, n'kuyamba kutsika. Pafupifupi zonse zinali za udzu.

Pambali pa nambala ya tsiku lililonse ankalembanso mvula, kutentha, ndi momwe iye wadzukira. Apa ndi pomwe zidaonekera poyera. Masiku amene kagalasi kadadzaza mungu ndi omwe iye ankavutika kwambiri. Tsiku lotentha, louma, la mphepo, nambala inkakwera. Mvula ikagwa nambala inkatsika, naye ankapezako bwino. Lero m'maiko ambiri chiwerengero cha mungu chimalengezedwa pamodzi ndi zanyengo, ndipo chiyambi chake ndi timagalasi timeneti.

Inu simufunika maikulosikopu kuti mutengere theka la njira yake, lomwe ndi kope. Lembani tsiku, momwe mwana wadzukira, ngati kwagwa mvula kapena kuli mphepo, ndi komwe anali: kumunda, kudambo, kusukulu kapena m'nyumba. Ku England udzu umachita maluwa mu Juni ndi Julayi, koma kuno umatsata mvula, choncho nyengo yoyang'anitsitsa ndi kuyambira cha mu Januwale mpaka masika. Ngati kope likusonyeza kuti vuto limabwera miyezi imeneyi n'kutha udzu ukauma, mungu ndiwo woyamba kuukayikira. Ngati mwana amavutika chaka chonse, makamaka usiku ndi m'mamawa akamadzuka, yang'anani m'nyumba momwemo: tinthata tosaoneka ndi maso tokhala m'fumbi la matiresi ndi mabulangete, mphemvu, ndi nkhungu ya pakhoma. Ngati zimakula mu Sepitembala ndi Okutobala kukauma, utsi ndi fumbi zili pafupi. Volontiya amene amayendera mabanja makumi angapo ali ndi mwayi woposa wa kholo, chifukwa angathe kuona ngati ana a midzi ingapo akuyamba sabata imodzi. Kope la miyezi itatu limamuthandiza dokotala kuposa mawu oti mwanayu sachedwa kudwala chimfine.

Makaiti ndi anthu a m'tauni

Funso limodzi lidamuvutabe Blackley. Ngati vuto ndi udzu, n'chifukwa chiyani anthu a pakati pa mzinda, kumene kulibe dambo, ankadwalanso? M'zaka zotsatira adaika timagalasi take m'tauni, ndipo adapeza kuti mungu ulipo, ngakhale wochepa poyerekeza ndi wa kudambo. Ndipo wochepawo unkakwana kumudwalitsa. Kuti adziwe komwe unkachokera, adamangirira timagalasi ku makaiti n'kuwaulutsa mamita mazana angapo m'mwamba. Adapanganso kachipangizo koyendera sipuling'i ngati wotchi, kotsegula galasi kaiti ikafika pamwamba, kuti mungu wa pansi usasokoneze chiwerengero. Zotsatira zake zidali zodabwitsa: kumwambako kunali mungu wochuluka kangapo kuposa pansi. Ndiye kuti mphepo imakweza mungu kuchokera kuminda ndi kumadambo, kuuyendetsa mtunda wautali, n'kukautsitsa pamadenga a m'tauni.

Choncho mukatumiza mwana kwa achibale ku Ndirande kapena ku Bangwe poganiza kuti m'tauni athawa udzu, musadabwe akamayetsemulabe. Blantyre ndi mzinda wa mapiri a udzu ndi timinda ta chimanga pakati pa nyumba, kuphatikizapo utsi wa galimoto ndi wa makala. Anthu a m'tauni amakonda kunena mitengo ya jakaranda ikachita maluwa ake obiriwira mofiirira m'chilimwe, koma maluwa owala chotere amadalira njuchi, ndipo kawirikawiri wolakwa weniweni ndi chomera chosaoneka maluwa chimene chikutaya mungu nthawi yomweyo. Charles Darwin, katswiri wotchuka wa zachilengedwe, atawerenga buku la Blackley mu 1873 adamulembera kalata, ndipo mwa zina adamukumbutsa za kusiyana kumeneku pakati pa mungu wonyamulidwa ndi mphepo ndi wonyamulidwa ndi tizilombo touluka.

Vuto la ana a m'mizinda ya mu Africa si laling'ono. Kafukufuku wotchedwa ACACIA, amene adachitika m'sukulu za ku Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2024, adapeza kuti ambiri mwa achinyamata amene anali ndi zizindikiro zazikulu za mphumu anali asadauzidwepo kuchipatala kuti ali ndi mphumu. Amene muli ndi achibale ku Joni mungawauze kuti kumeneko chiwerengero cha mungu ndi nkhungu cha mizinda monga Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town chimaikidwa pa intaneti, ntchito yotsogoleredwa ndi akatswiri a ku University of Cape Town.

Blackley sadalekere pa mungu. Pa timagalasi take ankaonanso timbewu ta nkhungu, osati nkhungu ya m'mawa yotchinga phiri ija, koma yomera pa zinthu zonyowa, imene pa chimanga ndi mtedza timati chuku. Monga mwa chizolowezi chake, adaipuma dala. Mtundu wina wotchedwa Chaetomium udamuchititsa nseru ndi chizungulire. Wina wotchedwa Penicillium udamusasitsa mawu mpaka kutheratu, n'kumusiya ndi chifuwa kwa masiku angapo. Zidamupweteka moti sadafune kubwereza, ndipo mbali imeneyi adaisiyira ena. Koma adasiya umboni woyamba wakuti timbewu ta nkhungu tingadwalitse njira yopumira ya munthu.

Kwa inu a m'chigwa cha Shire, gawo limene iye adalisiya msangali mwina ndilo lalikulu. Madzi osefukira a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 ataphwera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, makoma, mphasa, matiresi ndi matumba a chakudya zidakhala zonyowa kwa nthawi yaitali, ndipo kutentha kwa chigwachi ndi kumene nkhungu imakonda. Siyembekezera namondwe yekha. Denga lodontha pang'ono, zovala zosauma bwino m'chikwama, ndi chimanga chosungidwa chisadaume m'chipinda chogona zimakwana. Fungo la chinyontho mukalowa m'nyumba ndi chizindikiro chake ngakhale simukuona mawanga akuda. Mungu uli ndi nyengo yake ndipo umatha, pomwe nkhungu ya m'nyumba imakhala mpaka chinyontho chitachoka. N'chifukwa chake kukwecha khoma osakonza podontha n'kungotaya sopo. Yanikani mphasa ndi matiresi padzuwa, tsegulani mawindo masana, ndipo potsuka pamene pamera nkhungu mwana wa mphumu akhale kunja.

Nthawi yokolola nayo ili ndi zake. Popuntha mapira ndi mchewere, popeta, kapena potsegula nkhokwe yakale, fumbi limene limauluka limakhala ndi timbewu ta nkhungu tambiri. Mwana woberekedwa kumbuyo amapuma zonsezo pamodzi ndi mayi ake. Ngati ali ndi chifuwa cholira, ndi bwino kumusiya ndi wina kumbali yomwe mphepo ikuchokera. Kudya chimanga kapena mtedza wa chuku ndi ngozi ina yosiyana, ya poizoni woononga chiwindi, ndipo imeneyo imakhudza aliyense, wa ziwengo ndi wopanda ziwengo yemwe.

Zimene adaphonya, ndi zimene zidadziwika iye atapita

Buku lake lidatuluka mu 1873 ndipo lidasindikizidwanso mowonjezera mu 1880. Mu 1874 adalandira digiri ya udokotala ku Brussels. Sikuti onse adamukhulupirira nthawi yomweyo. Inali nthawi imene akatswiri ankatulukira tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ambiri ankayembekezera kuti chimfine cha udzu nachonso chili ndi kachilombo kake. Enanso ankamukayikira chifukwa zambiri adaziyesa pa munthu mmodzi, iye mwini. Kudandaula kumeneku kunali ndi maziko, ndipo lero kafukufuku wotere sangavomerezedwe popanda kuyesa anthu ambiri.

Blackley ankatsatiranso njira yochiritsira yotchedwa homeopathy, imene imaphunzitsa kuti dokotala aziyesa mankhwala pa thupi la munthu wabwinobwino, ngakhale lake lomwe. N'kutheka kuti chizolowezi chodziyesa adachitenga kumeneko. Koma mankhwala a njirayi, osungunulidwa mpaka kutsala madzi okha, sayansi ya lero siidawapeze ndi mphamvu yochiza. Timamukumbukira chifukwa cha zimene adawerenga, osati mankhwala amene ankapereka. Adaonanso kuti alimi a kwawo, omwe ankakhala pakati pa udzu tsiku lonse, sankadwala kawirikawiri, ndipo adaganiza kuti matendawa amakonda anthu ophunzira. Mbali ina adaona zoona, chifukwa kafukufuku wa ku Ulaya wa zaka zaposachedwa wasonyeza kuti ana okulira pa mafamu a ziweto sakhala ndi ziwengo kwambiri. Koma sukulu siidwalitsa munthu, ndipo ganizo loti awa ndi matenda a anthu a m'tauni kapena opeza bwino lisachititse kuti mwana wa mlimi wa kwa Katunga anyalanyazidwe. Wodwala amene safika kwa dokotala salowa m'chiwerengero.

Chimene Blackley sadathe kufotokoza ndi chifukwa chimene mungu womwewo umadwalitsa wina n'kusiya mnzake. Ankaganiza kuti mungu uli ndi kanthu kokanda kapena kaululu. Yankho lidabwera pang'onopang'ono. Mu 1906 dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, adayambitsa liwu loti allergy. M'zaka za 1966 ndi 1967 akatswiri ku America ndi ku Sweden adapeza msilikali wa m'magazi wotchedwa IgE. Mwa anthu a ziwengo, chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa, chimatenga mungu ngati mdani, n'kupanga IgE wolimbana nawo. Mungu ukalowanso, timaselo ta m'mphuno ndi m'maso timatulutsa mankhwala otchedwa histamine, amene amabweretsa kuyabwa, kutupa ndi mamina. Chizolowezi chotere chimayenda m'magazi a banja, n'chifukwa chake pakhomo limodzi mumapeza wina wa mphumu, wina wa zidzolo zoyabwa, wina wa chimfine cha udzu. Sichipatsirana, ndipo mwana wotere palibe chifukwa chomupatulira kwa anzake.

Apa mungaone chifukwa chake makapisozi a amoxicillin kapena Bactrim sathandiza: palibe kachilombo koti aphe, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumawafooketsa pa tsiku limene mwana adzawafune pa chibayo. Mankhwala othandiza ndi otchinga histamine, monga Piriton ndi cetirizine. Piriton amagonetsa, choncho mwana wa sukulu akamwa m'mawa amasinza m'kalasi, ndipo woyendetsa njinga yamoto ayenera kusamala naye. Ana aang'ono musawapatse popanda malangizo a kuchipatala. Kwa wa mphumu pali mankhwala opopera m'kamwa: salbutamol wotsegula chifuwa pa nthawi ya kubanika, ndi ena monga beclometasone ogwiritsa ntchito tsiku lililonse kuti kubanikako kusabwere. Mphekesera yoti ukayamba kupopera ndiye kuti matenda afika posachira ndi yabodza, ndipo yachititsa ana ena kuvutika pachabe.

Kope lija lisakuchedwetseni pa zizindikiro zoopsa. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, ganizirani chibayo. Nthiti zikamalowa m'kati popuma, milomo ikasintha mtundu, kapena mwana akamalephera kuyamwa, kumwa kapena kumaliza mawu, thamangirani kuchipatala. Chifuwa chopitirira masabata awiri chikayezedwe TB.

Pa nkhani ya mvula, pali chimodzi chowonjezera pa zimene Blackley adaona. Mvula yabata imatsuka mpweya, koma mkuntho wa mabingu pa nthawi imene udzu wachita maluwa ungathe kuphwanya njere za mungu kukhala tizidutswa tolowa mpaka m'mapapo. Pa 21 Novembala 2016 mumzinda wa Melbourne ku Australia, anthu masauzande adathamangira kuzipatala usiku umodzi atabanika, ndipo 10 adamwalira. Mungu wake unali wa ryegrass, udzu wa mtundu womwe Blackley adapaka pamkono wake. Mwana wa mphumu alowe m'nyumba mphepo yotsogolera mvula ikayamba, ndipo mankhwala ake opopera akhale pafupi.

Blackley mwini, pokhala wopanda mankhwala amenewa, ankadalira kupewa. Adapanga kasefa kovala pamphuno, adayesa kusefa mpweya wolowa m'chipinda ndi nsalu zopyapyala, ndipo ankalangiza odwala amene akadatha kuti nyengo ya udzu azikakhala m'mbali mwa nyanja, komwe mphepo yochokera pamadzi simanyamula mungu. Ulendo wa kunyanja si wa aliyense, koma zina n'zotheka: kusamba nkhope ndi kusintha malaya pochokera kumunda, kusatuma mwana wa ziwengo kukamweta udzu wamaluwa, kumweta udzu wozungulira nyumba ndi sukulu usadatulutse ngala, ndi kuvala kansalu kotchinga mphuno tidazolowera nthawi ya Covid-19 kaja.

Atapuma pantchito adasamukira ku Southport, tauni ya m'mbali mwa nyanja, komwe adamwalira pa 4 Sepitembala 1900 ali ndi zaka 80. Mwana wake John Galley Blackley naye adakhala dokotala ku London. Patapita zaka 11, mu 1911, Leonard Noon wa pachipatala cha St Mary's ku London adayamba kubaya odwala timadontho ta mungu wa udzu, kuonjezera pang'onopang'ono kuti thupi lizolowere, njira imene ikugwiritsidwabe ntchito. Mu 1952 katswiri wa matenda a mbewu, Jim Hirst, adapanga makina okoka mpweya n'kuumenyetsa pa galasi lomata, ndipo makina owerengera mungu ndi nkhungu m'mizinda yambiri lero adachokera pa amenewo.